Dzina Lokha Silisunga Chuma: Frederick Douglass ndi Banki ya Omasulidwa

M'mwezi wa Malichi chaka cha 1874, akuluakulu oyang'anira banki ina mumzinda wa Washington, likulu la dziko la United States ku Amereka, adasonkhana kuti asankhe wapampando watsopano. Sadasankhe katswiri wowerengera ndalama kapena munthu wokulira m'malonda. Adasankha Frederick Douglass, bambo wa zaka 56 amene adabadwira mu ukapolo, nadzimasula yekha, nakhala mlankhuli ndi mlembi womveka kuposa munthu wakuda wina aliyense m'dzikomo. Patangopita miyezi itatu ndi masiku owerengeka, zitseko za bankiyo zidatsekedwa osatsegulidwanso. Anthu oposa 61,000, ambiri a iwo amene adali akapolo zaka khumi zokha m'mbuyomo, adatsala ndi timabuku ta banki m'manja, ndalama zawo zokwana pafupifupi madola 3 miliyoni zitatsekeredwa m'kati.

Nkhani imeneyi anthu amaisimba m'njira ziwiri. Okonda Douglass amaidumpha msangamsanga ngati munthu wodutsa pamanda usiku, nati mkuluyu adangonyengedwa basi. Ena amaitola ngati umboni wakuti ngwazi zonse n'zachabe, poti munthu amene adalalikira ufulu zaka zoposa 30 ndiye adakhala pampando tsiku limene anthu ake adasauka. Onse awiriwa akuphonya. Mlandu wa kudya ndalamazo suli pa Douglass, pakuti zidadyedwa iye asanafike. Komabe pali mlandu wina wocheperapo umene sungachotsedwe pa iye: adabwereketsa dzina lake asanaone mabuku. Palinso ulemu umene sayenera kumanidwa: ataona choona, adakachinena kwa oyenera kuchimva, ngakhale adadziwa kuti chimuchititsa manyazi. Zitatuzi ziyenera kuyesedwa pamodzi, chifukwa m'menemo ndimo muli phunziro kwa munthu aliyense amene anzake amamukhulupirira.

Mtengo wa dzinalo

Kuti munthu amvetse kulemera kwa dzina limene lidabwerekedwalo, ayenera kudziwa mtengo umene mwini wake adaligulira. Douglass adabadwa m'chaka cha 1818 m'dera la Talbot, m'chigawo cha Maryland, ndipo poyamba ankatchedwa Frederick Bailey. Tsiku lenileni la kubadwa kwake sadalidziwe moyo wake wonse, pakuti eni akapolo sankalabadira zouza kapolo zinthu zotere. Amayi ake, Harriet Bailey, adawaona kangapo kokha. Ali ndi zaka ngati 8 adatumizidwa kumzinda wa Baltimore kukatumikira banja la Hugh Auld. Kumeneko mkazi wa Auld, dzina lake Sophia, adayamba kumuphunzitsa zilembo, koma mwamuna wake atamva adaletsa mwaukali poopa kuti kapolo wodziwa kuwerenga sangakhazikike. Mnyamatayo adamva mawuwo, nazindikira pomwepo kumene kudali khomo lotulukira. Adapitiriza kuphunzira mobisa, kupatsa buledi ana a azungu osauka a m'misewu kuti amuphunzitse, ndipo sadalowepo m'kalasi ngakhale tsiku limodzi.

Pa 3 Sepitembala 1838 adathawa atavala zovala za amalinyero, mothandizidwa ndi Anna Murray, mkazi wakuda wobadwa mfulu amene adadzamukwatira atafika ku New York. Adakakhala ku New Bedford m'chigawo cha Massachusetts, natenga dzina la Douglass. M'chaka cha 1841 adalankhula pamsonkhano wa odana ndi ukapolo pachilumba cha Nantucket, ndipo kuyambira pamenepo ntchito yake idakhala kuyendayenda kufotokozera makamu za ukapolo monga adauonera ndi maso ake. M'chaka cha 1845 adasindikiza buku la mbiri ya moyo wake, m'mene adatchula maina a ambuye ake poyera. Poopa kugwidwa adaolokera ku Ireland ndi ku Britain, kumene abwenzi adasonkha mapaundi 150 namugulira ufulu wake mwalamulo m'chaka cha 1846. Atabwerera adayambitsa nyuzipepala yotchedwa North Star mumzinda wa Rochester m'chaka cha 1847, ndipo chaka chotsatira adakaimira kumbuyo amayi ofuna ufulu woponya voti pamsonkhano wa ku Seneca Falls.

Nkhondo yapachiweniweni itabuka m'chaka cha 1861, Douglass adakakamiza boma kuti lilole anthu akuda kulowa usilikali, ndipo ana ake awiri, Lewis ndi Charles, adali m'gulu la oyamba kulembetsa ku Massachusetts. M'chaka cha 1863 adakaonana ndi Pulezidenti Abraham Lincoln kukadandaula kuti asilikali akuda ankalandira malipiro ochepa kuposa azungu. Ukapolo udathetsedwa m'malamulo a dziko m'chaka cha 1865, ndipo anthu pafupifupi 4 miliyoni adakhala mfulu. M'chaka cha 1872 nyumba yake ya ku Rochester idapsa ndi moto, iye nasamukira ku Washington. Umu ndimo m'mene dzina lake lidakulira kufikira kuti mlimi wakuda wa kutali, wosadziwa kuwerenga, ankalidziwa ndi kulilemekeza. Koma owerenga aone chinthu chimodzi: ntchito zonsezi zidali za pakamwa ndi za cholembera. Pa zonse zimene Douglass adadziphunzitsa yekha, kayendetsedwe ka banki sikadalipo.

Chiyambi chabwino cha bankiyo

Banki imeneyi idayamba ndi mtima wabwino. Pa nthawi ya nkhondo asilikali akuda pafupifupi 180,000 adamenya nawo kumbali ya boma, ndipo ambiri a iwo adagwira malipiro m'manja kwa nthawi yoyamba. Adalibe posungira, motero akathyali ankawadyera masuku pamutu. Akuluakulu ena a nkhondo adawatsegulira timabanki ku Norfolk ndi ku Beaufort m'chaka cha 1864. Mbusa wina, John W. Alvord, ataona zimenezi adaganiza zokhazikitsa banki imodzi ya omasulidwa onse. Nyumba ya Malamulo, imene kumeneko amaitcha Congress, idavomereza, ndipo Lincoln adasaina lamulolo pa 3 Malichi 1865, patatsala masabata 6 kuti aomberedwe ndi mfuti. Bankiyo idatchedwa Freedman's Savings and Trust Company, ndiko kuti nkhokwe yosungira ndalama za omasulidwa.

Lamulo lake lidali losavuta kumva. Bankiyo sidaloledwe kukongoza amalonda. Magawo awiri mwa atatu a ndalama zosungitsidwa ankayenera kukongozedwa ku boma lenilenilo pogula makalata a ngongole ya boma, amene amabala chiwongoladzanja chochepa koma chotsimikizika. Zotsalazo zinkayenera kukhala pafupi kuti wofuna kutapa atape. Pa maziko amenewa banki idakula mpaka kukhala ndi nthambi 37 m'zigawo 17 za dzikolo. Ankasungitsa adali asilikali, alimi, ophika, amayi ochapa zovala, akalipentala, ana a sukulu, mipingo ndi mabungwe a maliro. Ngakhale masenti 5 ankalandiridwa. Ambiri ankasunga kuti adzagule kamunda ndi bulu wolimira, pakuti ufulu wopanda malo udali ufulu wa dzina lokha.

Chimene chidawakoka anthuwo chidali chikhulupiriro chakuti bankiyo ndi ya boma. Tsiku lomwelo limene Lincoln adasaina lamulo la banki, adasainanso lamulo lokhazikitsa ofesi ya boma yothandiza omasulidwa, ndipo maina a ziwirizi adali ofanana. Mkulu wa ofesiyo, General Oliver O. Howard, ankalimbikitsa anthu kusungitsa kumeneko, ndipo ena ogwira ntchito m'nthambi adali antchito a ofesi yomweyo. Zolengeza ndi timabuku ta banki zinkatchula dzina la Lincoln ndi la Congress mwa njira yakuti wowerenga aganize kuti boma laimirira kumbuyo. Chikhalirecho m'lamulomo mudalibe lonjezo lotero ngakhale limodzi. Akuluakulu 50 oyamba a bungwe loyang'anira, amene onse adali azungu, sadapereke chikole chilichonse chakuti adzalipira zinthu zikadzaonongeka. Apa ndipo padali mng'alu woyamba, ndipo n'chinthu choyenera kuchisunga m'mutu: Douglass asanabwereketse dzina lake, boma lidayamba kale kubwereketsa lake.

M'mene nyerere zidalowera

Likulu la banki litasamutsidwa kuchoka ku New York kupita ku Washington, mphamvu zidagwera m'manja mwa kagulu ka anthu ochepa a m'komiti ya za chuma. Wamkulu wa iwo adali Henry D. Cooke, mng'ono wake wa Jay Cooke, mpondamatiki amene adatchuka pogulitsa makalata a ngongole ya boma pa nthawi ya nkhondo. Henry Cooke adalinso mkulu wa banki ina yotchedwa First National Bank ya ku Washington komweko, ndipo wosunga ndalama wa banki imeneyo, William S. Huntington, adali naye m'komiti yomweyo. M'chaka cha 1870 Congress idasintha lamulo, nkulola kuti theka la ndalama lizikongozedwa kwa anthu wamba pa chikole cha malo ndi nyumba. Lamulo latsopanolo lidati chikole chizikhala cha mtengo wowirikiza kawiri ngongoleyo, koma lamulo lolembedwa silidziteteza lokha.

Ndalama za amayi ochapa zovala zidayamba kupita kwa abwenzi a akuluakulu. Kampani yokumba miyala yotchedwa Seneca Sandstone, imene Henry Cooke adali mmodzi wa eni ake, idakongola pa chikole cha mapepala opanda mtengo. Ngongole zokayikitsa za First National Bank zinkasamutsidwira ku Banki ya Omasulidwa posinthana ndi ndalama zenizeni. Eni ndalamazo, anthu akuda, ndi ochepa kwambiri amene adapatsidwa ngongole. Ndani akadafunsa? M'chaka cha 1871 Pulezidenti Ulysses Grant adaika Henry Cooke kukhala bwanamkubwa wa dera la Washington, ndipo akale adati khoswe akakhala pa mkhate sapheka. M'nthambi namo mudali alembi ambiri osaphunzira bwino ntchito, mabuku osagwirizana, ndipo ena ankabanso. Congress idali ndi mphamvu yoona mabuku kuyambira pachiyambi, koma woyendera wa boma woyamba adafika m'chaka cha 1873, patapita zaka pafupifupi 8. Pamenepo n'kuti Cooke ndi Huntington atachokamo kale.

Kunja zinthu zinkaoneka zokoma. Banki idamanga nyumba ya madola oposa 260,000 pamsewu wa Pennsylvania Avenue, moyang'anana ndi likulu la unduna wa za chuma. Douglass mwini adasimba pambuyo pake kuti ankati akadutsa pamenepo, naona anyamata akuda ovala bwino akuwerenga ndalama m'kati, mtima wake unkadzaza ndi chimwemwe. Munthu sangamunyoze pa chimenecho, pakuti adali atakumbukira kumene mtundu wake udachokera. Koma chidali chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Pa 18 Sepitembala 1873 kampani ya Jay Cooke idagwa chifukwa cha ndalama zimene idamiza m'ntchito yomanga njanji ya Northern Pacific, ndipo mantha adagwira dziko lonse. Apa m'pofunika kufotokoza m'mene banki imagwera. Palibe banki imene imasunga m'chipinda ndalama zonse za anthu. Zambiri zimakhala zili kunja, zokongozedwa. Anthu onse akathamangira kukatapa tsiku limodzi, banki imagulitsa msangamsanga chuma chake chogulika kuti iwalipire. Umu ndimo idachitira Banki ya Omasulidwa. Idagulitsa makalata ake abwino a boma, nitsala ndi mapepala a ngongole zosabwezeka. Kenaka idalamula kuti wofuna kutapa azipereka chidziwitso cha masiku 60. Woyendera wa boma atabweranso kumayambiriro kwa 1874, adapeza kuti zimene banki idayenera kubweza kwa anthu zidaposa chuma chimene idali nacho.

Miyezi itatu ya Douglass

Pa nthawi yotere ndi pamene Alvord adachotsedwa pampando, Douglass naikidwapo. Ena mwa omusankha, makamaka akuluakulu akuda amene adali atalowa m'bungwe, ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti dzina lake liletsa anthu kuthamangira kukatapa, banki nipeza mpata wopuma. Pali akatswiri a mbiri yakale amene amaganiza kuti ena adangofuna kuti tsiku la kugwa lidzapeze munthu wakuda pampando. Douglass adavomera. Iye mwini adali ndi ndalama zake m'bankimo, ndipo ankaiona ngati chizindikiro cha kutukuka kwa mtundu wake. Adakhulupirira zimene adauzidwa, kuti vuto lidali la kanthawi, ndipo m'masabata oyamba adalemba makalata a poyera otonthoza osungitsa kuti asaope.

Maso ake adatseguka pang'onopang'ono. Tsiku lina oyendetsa banki adamuuza kuti pakufunika madola 10,000 mwamsanga, apo ayi zitseko zitsekedwa. Iye adatulutsa ndalama zakezake nakongoza bankiyo. Koma chinthucho chidamudabwitsa: banki ya nthambi zambirimbiri ingasowe bwanji ndalama zochepa chotero, ndipo bwanji mwa akuluakulu onse palibe wina amene adafuna kuthandiza? Atayamba kufunsa adapeza kuti ena mwa amene ankamutsimikizira kuti banki ili bwino adali atachotsa kale ndalama zawo ndi kukazisunga kwina. Pamenepo adapita kwa John Sherman, wapampando wa komiti ya za chuma m'nyumba ya Senate, namuuza kuti monga iye aonera banki yagwa ndipo siyenera kupitiriza kulandira ndalama za anthu. Anzake ena a m'bungwe adakwiya naye, namutsutsa.

Pa 20 Juni 1874 Congress idapereka lamulo lakuti ndalama zatsopano zizisungidwa padera, ndiponso kuti ngati banki singapulumuke, asankhidwe anthu atatu oti asonkhanitse chuma chotsala ndi kugawira eni ake. Ngakhale pamenepo Douglass adalembanso mawu a chiyembekezo chakuti banki ingathe kudzuka. Koma mwezi usanathe akuluakulu adagwirizana zotseka. Ntchito yogawa zotsala idaperekedwa kwa John Creswell, Robert Leipold ndi Robert Purvis.

Kuweruza mlandu

Cholakwa cha Douglass chili pachiyambi penipeni. Mafunso amene adafunsa atakhala kale pampando adayenera kuwafunsa asanavomere. Adali ku Washington, woyendera wa boma adali atayendera kale bankiyo, ndipo munthu wa msinkhu wake akadapempha kuona mabuku pamodzi ndi katswiri wodziimira payekha, palibe akadamukaniza popanda kudziulula. Safunsa adadya phula. Koma phula limeneli sadadye yekha, ndipo apa ndipo pagona kulemera kwa nkhaniyi. Dzina la munthu wokhulupirika si chuma chake yekha. Limapangidwa ndi chikhulupiriro cha anthu ena, ndipo akaliika pachitseko cha nyumba, anthuwo amalowa osayang'ananso denga. Mayi amene adafuna kukatapa ndalama zake mu Epulo, nasiya atamva kuti Douglass wati musaope, adataya chifukwa cha mawu a munthu amene sadafune kumunyenga. Kuyera mtima kwa wonenayo sikudamubwezere senti ngakhale imodzi.

Pali chomuikira kumbuyo, ndipo n'chomveka. Mkulu wa banki yodwala ali pakati pa moto ndi madzi. Akanena poyera kuti zinthu zaipa, mawu akewo ndiwo amaigwetsa, ndipo amene amapulumuka ndi okhala pafupi, odziwa kuwerenga nyuzipepala ndi othamanga. A kumidzi yakutali amapeza mphika utakombedwa. Motero kusafuula pamsewu si bodza nthawi zonse. Njira yachilungamo ndiyo kutseka zitseko msanga kuti chotsala chigawidwe mofanana kwa onse, ndipo njira imeneyi ndiyo Douglass adatsata popita kwa Sherman. Akadafuna kusunga ulemu wake akadatula pansi udindo mwakachetechete, nasiya wina kuti adzanyamule mtembo. Akadafuna kusunga mpando akadapitiriza kulandira masenti a osauka kuti atsekere maenje a olemera. Sadachite chilichonse mwa ziwirizi. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo iye adatsina khutu la boma pamene anzake ankafuna kuti akhale chete. Chimene sichingaikiridwe kumbuyo ndi mawu a chiyembekezo onenedwa poyera atadziwa kale kukula kwa bala. Kukhala chete n'kwina, kulonjeza n'kwina.

Komabe mlandu waukulu uli pa ena. Uli pa amene adadya, amene makomiti awiri a Congress adafufuza ntchito zawo, yoyamba m'chaka cha 1876 ndipo yachiwiri motsogozedwa ndi Blanche K. Bruce, phungu wakuda wa m'nyumba ya Senate amene naye adabadwira mu ukapolo. Zoipa zidaululika, koma akuluakulu a komiti ya za chuma sadalowe m'ndende. Ulinso pa Congress yomwe, imene idabala bankiyo, nilola kuti dzina lake likope anthu, nimasula chingwe m'chaka cha 1870, nigona osayendera mabuku, ndipo pomaliza idakana kulipira. Pulezidenti Grover Cleveland adapempha m'chaka cha 1886 kuti boma libweze zotsala kwa osungitsa, koma Congress sidapereke lamulo lotero. Lamulo loteteza ndalama za osungitsa m'mabanki a dzikolo lidadza m'chaka cha 1933, patapita zaka 59.

Zotsatira zake

Zotsala zija zidalipiridwa pang'onopang'ono kasanu, kuyambira 1875 mpaka 1883, ndipo zonse pamodzi zidakwana masenti 62 pa dola iliyonse. Chiwerengero chimenechi chimabisa chisoni chenicheni. Kuti munthu alandire adayenera kutumiza kabuku kake ku Washington ndi kutsimikiza kuti ndi iyeyo. Ambiri adali osadziwa kulemba, ena adasamuka, ena adamwalira, ena adataya timabuku, ena adatigulitsa motchipa kwa amalonda ochenjera. Motero zikwi zambiri za osungitsa ang'onoang'ono sadalandire kanthu. Chidatayika china choposa ndalama. Katswiri wamaphunziro W. E. B. Du Bois adaona m'chaka cha 1903 kuti kugwa kwa bankiyi kudapha mtima wosunga pakati pa anthu akuda, pakuti adaphunzitsidwa kuti kudzimana ndi kusunga ndiyo njira ya ufulu, ndipo atamvera adalangidwa. Padapita zaka 14 kuti anthu akuda ayambitse mabanki awoawo m'chaka cha 1888, ndipo m'chaka cha 1903 mayi Maggie Lena Walker adatsegula banki yake ku Richmond.

Douglass sadathere pamenepo. M'chaka cha 1877 Pulezidenti Rutherford Hayes adamuika kukhala mkulu wokwaniritsa zigamulo za makhoti m'dera la Washington. M'chaka cha 1881 adakhala mkulu wa ofesi yolembetsa malo m'dera lomwelo, ndipo kuyambira 1889 mpaka 1891 adali kazembe wa dziko lake ku Haiti. Adamwalira pa 20 Febuluwale 1895, atangochokera kumsonkhano wa amayi omenyera ufulu wawo. Chimene chidapulumutsa mbiri yake n'chakuti ofufuza sadapeze senti ya munthu m'thumba mwake, ndiponso kuti m'buku lomaliza la moyo wake, la m'chaka cha 1881, sadailumphe nkhaniyi. Adaifotokoza, navomera kuti adalowa ntchito imene sankaidziwa. Nyumba yokongola ija idagumulidwa kalekale, koma m'chaka cha 2016 nyumba ya boma yoimirira pamalopo idapatsidwa dzina lokumbukira bankiyo. Mabuku a maina a osungitsa adasungika, ndipo zidzukulu zawo zimafufuzamo maina a makolo awo.

Phunziro kwa wokhulupiridwa

Nkhani imeneyi idachitika kutali ndiponso kale, koma mtundu wa yesero limene lidagwera Douglass sudziwa malire a dziko. Limagwera makamaka munthu wophunzira ndi wolemekezeka. Mphunzitsi ndiye amasankhidwa kukhala wapampando wa bungwe losunga ndi kukongoza ndalama, msungichuma wa mpingo, kapena wosaina nawo pa thumba la chitukuko cha sukulu. Wotsiriza sukulu amene ali ndi dzanja labwino ndiye amapatsidwa kope la banki m'khonde. Kawirikawiri samusankha chifukwa chodziwa za ndalama. Amamusankha chifukwa anthu akaona dzina lake mitima imakhala pansi. Ulemu wotere umakoma, ndipo kufunsa mafunso pa nthawi imene anthu akukuombera m'manja kumaoneka ngati mwano.

Mbiri ya Banki ya Omasulidwa ikupereka mafunso oyenera kufunsa munthu asanakhale pampando. Ndalama zili kuti lero, ndipo ndani waziona ndi maso? Adakongola ndani, pa chikole chanji, ndipo ali pa ubale wanji ndi amene adavomereza ngongoleyo? Ndi mlendo uti wodziwa ntchito amene adayendera mabuku, ndipo lidali liti? Kodi atsogoleri amasunga ndalama zawo momwemo? Zinthu zikaonongeka, ndani adalonjeza molemba kuti adzalipira? Funso lililonse mwa amenewa likadafunsidwa ku Washington mu Malichi 1874, yankho lake likadaulula nyerere. Munthu amene akukanizidwa mayankho ayenera kukana mpando, ngakhale amunene kuti ndi wonyada. Ndipo amene wazindikira mochedwa, atakhala kale pampando, atsate Douglass pa chimene adachita bwino: aleke kulandira ndalama zatsopano, akanene kwa oyenera kumva, asalonjeze chimene sakuchidziwa, ndipo aonetsetse kuti wakutali ndi wapafupi agawana mofanana.

Munthu amene adagonjetsa ukapolo ndi buledi, zilembo ndi kulimba mtima adapunthwa pa buku la ndalama limene sadalitsegule pa nthawi yake. Zimenezi sizichepetsa ukulu wake, koma zikuonetsa kuti nzeru ya pa chinthu chimodzi siyenda yokha kukalowa pa china, ndiponso kuti mtima wabwino sulowa m'malo mwa kuwerengera. Madzi akatayika saoleka. Amayi ochapa zovala a ku Richmond, Charleston ndi Savannah adalipira mtengo wa phunziro limeneli ndi thukuta la zaka 9, ndipo wolimva lero alilandira ulere.